Makope a Mwana wa Mpenti

M'chipinda chogwiriramo ntchito cha Mpenti munali fungo limene linkakulonjera usanagogode. Zitini za penti zinali zosanjikizana mpaka pawindo, maburashi ali choviika m'mabotolo, makwerero atatsamira khoma, ndipo pakati panali tebulo lalitali loyalapo mapepala. Dzina lakuti Mpenti anamupatsa ndi anthu a mumsewumo, ngakhale mwini wake sankalikonda. Ankati mpenti ndi wopaka makoma, iye ndi wolemba zikwangwani, ndipo ntchito ziwirizi n'zosiyana ngati telala ndi wosoka matumba. Anthu ankavomera ndi mutu, mawa lake n'kumuitananso kuti Mpenti.

Luso anali nalo, tisamunamizire. Chikwangwani cha ometa tsitsi, cha okonza mafoni, cha sukulu ya mkaka ya pakona, zonsezo zinatuluka m'dzanja lake. Anali ndi lamulo limodzi limene ankauza aliyense wobweretsa ntchito. "Ine ndimalemba zimene zili papepala. Tanthauzo ndi la mwini chikwangwani, changa ndi kukongola."

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, ndipo anatengera dzanja la bambo ake. Asanadziwe kumanga zingwe za nsapato ankadziwa kale kugwira rula. Kusukulu anzake anamutcha Makina, poti zolemba zake zinkaoneka ngati zatuluka m'makina osindikizira. Makope ake anali oti munthu asambe m'manja asanawagwire. Mitu ya nkhani inali yofiira, mawu ofunika obiriwira, mizere yowongoka bwinobwino. Mtima wa munthu anaujambula ndi mitsempha yofiira ndi yabuluu, wokongola kuposa wa m'buku. Akalakwitsa chilembo chimodzi ankang'amba tsamba lonse n'kuyambiranso, bambo ake ali pambali kuyamikira.

Makina ankafuna unamwino. Anayamba kuufuna ali wamng'ono, nthawi imene mayi ake anagonekedwa m'chipatala milungu iwiri, iye n'kumaona namwino wina wamfupi akuyendetsa chipinda chonse cha odwala ndi mawu ofatsa. Koma khomo la unamwino linali mayeso omaliza a sekondale, makamaka sayansi ya zamoyo, ndipo chaka chapitacho mayesowo anamugwetsa. Sukulu inamulola kubwereza, n'kunenetsa kuti mwayi wobwereza umakhala umodzi wokha. Akalepheranso, malo ake anali okonzeka kale patebulo lalitali lija, pakati pa zitini, chonsecho fungo la penti linkamupweteketsa mutu.

Mpenti anali ndi kafotokozedwe kake ka kulepherako. Ankati ochonga mayeso amagwira ntchito mothamanga, alibe nthawi yoyamikira ntchito yabwino. Mankhwala amene anapeza anali kugulira mwana bokosi la zolembera za mitundu makumi awiri ndi inayi. Makina anazilandira ndi manja awiri, n'kuyamba kukopera makope a chaka chatha m'makope atsopano. Ankakhala patebulo kuyambira pobwera kusukulu mpaka dzuwa kupendeka, msana uli kho, ndipo aliyense womuona ankati mwana ameneyu ndi wakhama. Analidi wakhama, ndipo n'chimene chinkamvetsa chisoni.

Mphunzitsi wa sayansi anali mayi wachikulire amene ana anamutcha Tsekani, chifukwa phunziro lake lililonse linkatha ndi mawu akuti, "Tsekani mabuku, tione zimene zatsala m'mutu." Tsiku lina masana anaitanitsa kholo la Makina. Mpenti anavala malaya opanda dontho la penti, n'kunyamula makope asanu ndi awiri ngati umboni wopita nawo kubwalo la milandu.

Mayi Tsekani anawatsegula limodzi limodzi, akupukusa mutu mosilira. "Bambo, zaka zonse ndakhala ndikuphunzitsa, makope okongola chonchi sindinawaonepo."

Mpenti anakhazikika bwino pampando.

Kenako mphunzitsiyo anatseka kope, n'kuika dzanja pamwamba pake. "Mwanawe, magazi akachoka m'mapapo amalowa m'chipinda chiti cha mtima?"

Makina anayang'ana kudenga. "Zili patsamba lakumanja, aphunzitsi, cha pamwamba. Ndinalemba ndi cholembera chofiira."

"Ndaziona, ndipo unalemba bwino. Zikuti chiyani?"

"Pali muvi wolozera pansi."

"Ukulozera kuti?"

Makina anangoyang'ana dzanja limene linapsinja kope lija.

Mayi Tsekani sanapite m'mbali. Anati mwanayu akukopera, sakuwerenga. Zilembo zikuchoka m'buku, kudutsa m'maso, kutsikira m'dzanja, osapatukira kumutu. Anapereka njira yosavuta. Awerenge tsamba limodzi, atseke buku, atenge pepala lililonse lotayika n'kulembapo zimene akukumbukira, mothamanga, mosasamala kaonekedwe. Akatero atsegule buku, aone zimene waphonya, atsekenso n'kuyesanso. Ndipo apeze munthu pakhomo woti azimufotokozera zimene waphunzira, buku lili kutali.

"Mosasamala kaonekedwe?" anafunsa Mpenti, ngati wamva mawu otukwana. "Mukuti mwana wanga azipalasa papepala ngati nkhuku?"

"Nkhuku ikapalasa imapeza chakudya, bambo. M'kalasi mwangamo muli mtsikana wina amene zolemba zake ngakhale mwini wake amavutika kuziwerenga. Amabwereka kope la mwana wanuyu tsiku limodzi. Poti akudziwa kuti mawa abweza, amaliwerenga, n'kumadzifunsa yekha m'njira popita kwawo. Mayeso aliwonse amakhoza."

"Ndiye mwavomereza nokha kuti makopewo ndi abwino," anatero Mpenti, akuwasonkhanitsa. Anatsanzika mwaulemu, n'kutuluka ali wokhutira kuti wapambana mlandu.

Kunyumba anapeza mkazi wake akusita. Mayi a Makina ankasita zovala za anthu pakhonde lakuseri, ndipo anali munthu wa mawu ochepa koma osongoka. Anamvetsera nkhani yonse simbi ikuyenda pa malaya a eni ake.

"Bambo a Makina," anatero pomaliza, "kodi tsiku la mayeso makopewo adzawalola kulowa nawo?"

"Dzanja likalemba, mutu umatsatira."

"Chaka chatha unatsalira kuti?"

Mpenti anangopita kukatsuka maburashi amene anali atatsuka kale. Makina naye anasankha mbali ya bambo ake, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kukopera kunkamukhazika mtima pansi. Tsamba likadzaza ankaona ndi maso kuti wagwira ntchito. Kutseka buku kunkamuopsa, poti ankadziwa chimene akachipeze m'mutumo, ndipo sankafuna kukumana nacho.

Mayeso oyeserera anabwera, n'kumugwetsanso. Pansi pa pepala lake Mayi Tsekani analembapo kuti, "Zolemba zokongola kwambiri. Mayankho ali kuti?" Mpenti anawerenga mbali yoyambayo mokweza, yachiwiriyo anaitsokomola. Apa n'kuti kutatsala miyezi itatu kuti mayeso enieni ayambe.

Sabata yomweyo kunabwera ntchito yaikulu. Mumsewu waukulu munkatsegulidwa sitolo yatsopano yoyeza maso ndi kugulitsa magalasi, ndipo mwini wake ankafuna zilembo zagolide pagalasi lakutsogolo. Kalaliki wa sitoloyo, mayi wooneka wotopa, anabweretsa kapepala kolembedwa pamanja, n'kukasiya patebulo, n'kuthamangira zina.

Ntchito ya pagalasi ili ndi kachitidwe kake. Zilembo zimapakidwa cham'kati kuti mvula ndi zala za ana zisazifufute, motero wolemba amazilemba chotembenuza, kuti ziwerengeke bwino kwa munthu amene ali panja. Poyamba amazijambula papepala lalikulu, n'kuboola timabowo motsatira mizere. Pepalalo amalitembenuza n'kulimata pagalasi, n'kumaligunda ndi kathumba ka ufa wa choko. Akalichotsa, pagalasi pamatsala timadontho toyera, ndipo burashi imangotsata timadonthoto. Kujambula papepala lalikulu inali ntchito ya Makina Loweruka lililonse, ndipo ankaigwira mwaluso. Ankawerenga zilembo za mzere uliwonse, n'kugawa ndi rula kuti mzere ukhale pakatikati, kenako n'kuyamba kujambula kuchokera pa chilembo chapakati kupita m'mbali.

Loweruka limenelo anajambula mizere inayi. Lolemba ndi Lachiwiri Mpenti anakhala pa makwerero m'sitolomo, lilime lili pakona ya mlomo, kupaka golide chilembo ndi chilembo. Panja anali atakutirapo chinsalu chachikulu, chifukwa ankati ntchito yosatha saonetsa anthu. Kalaliki uja anali kalikiliki kuseri ndi makatoni, ndipo palibe anasuzumira.

Lachitatu m'mawa, tsiku lotsegulira, Mpenti anatenga banja lonse kuti likaone. Makina anali atavala kale yunifolomu, mayi ake atasiya simbi ikuzizira. Mwini sitolo anafika, bambo wamtali wa nkhope yosaseka, kalaliki ali pambuyo pake atanyamula makiyi. Anthu odutsa anaima. Mpenti anagwira ngodya ya chinsalu, n'kuyembekeza pang'ono kuti onse ayang'ane, n'kuchikoka.

Golide anawala padzuwa la m'mawa. Zilembo zinali zoima bwino, zotalikirana mofanana, zopanda podontha. Mzere woyamba unati TIMAYEZA MASO. Wachiwiri unati MAGALASI A ANA NDI AKULU. Wachitatu unati TIMATSEGULA LOLEMBA MPAKA LOWERUKA. Ndipo wachinayi, wautali kuposa yonse, wokhala ndi kamaluwa mbali zonse ziwiri, unati CHONDE FULUMIRANI ABWANA ATHU NDI OVUTA.

Mayi wina wogulitsa zipatso anafa nalo phwete, ndipo chiseko chinafalikira msewu wonse. Makiyi anagwa m'manja mwa kalaliki. Mawu amenewo anawalemba iye pansi pa kapepala kaja, polankhula ndi Mpenti, osati ndi dziko lonse.

Mwini sitolo anavula magalasi ake, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Anawerenga mzerewo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Anatembenukira kwa kalaliki.

"Ndine wovuta?"

Mayiyo anatola makiyi aja. "Masiku ano okha, bwana. Chifukwa cha kutsegulaku."

Bamboyo anayang'ananso galasi, ndipo pakona ya mlomo wake panayamba kunjenjemera. Anayesa kudzigwira koma zinakanika, anaseka mpaka kutsamira chitseko. Atapuma anati, "Mkazi wanga wakhala akunena zimenezi zaka makumi awiri, koma sanaganizepo zozilemba ndi golide." Kenako anayang'ana Mpenti. "Akulu, munakhala masiku awiri mphuno ili pagalasi ili. Simunawerenge?"

"Ine ndimalemba zimene zili papepala," anayamba Mpenti, koma mawuwo anamuthera pakamwa.

"Nanga anajambula papepalapo ndani?"

Makina anakweza dzanja pang'ono, ngati ali m'kalasi.

"Iwenso sunawerenge?"

"Ndikudziwa kuti mzerewo uli ndi zilembo makumi atatu ndi zinayi," anatero Makina motsitsa mawu. "Ma A alimo asanu ndi limodzi."

"Lowani nonse awiri ndikuyezeni maso. Mukhala oyamba, ndipo ndi zaulere."

Mayi a Makina anati, "Musavutike, bambo. Maso awo ndi abwino, ndimawadziwa. Vuto lili kuseri kwa masoko."

Tsiku limenelo Mpenti analithera pa makwerero ndi lezala, kupala golide amene anamupaka ndi chikondi. Ana a sukulu odutsa ankamulonjera kuti, "Chonde fulumirani." Kupala kumatenga nthawi kuposa kupaka, ndipo munthu amakhala ndi mpata woganiza. Anawerengetsa kuti mawu asanu ndi limodzi amenewo anadutsa m'maso mwa anthu awiri kwa masiku atatu, n'kuyezedwa ndi rula, n'kubooledwa ndi singano, n'kupakidwa kawiri, koma sanalowe m'mutu wa aliyense. Anakumbukira dzanja la Mayi Tsekani lili pamwamba pa kope. Manyazi anamugwira, ndipo sanali manyazi a galasi okha.

Atafika kunyumba madzulo dzuwa likadalipo, anapeza Makina ali patebulo, kope lili patsogolo pake, zolembera zili m'bokosi zosatsegula. Maso ake anali ofiira.

"Bambo, ndakhala ndikuyang'ana mtima uwu. Ndaujambula kanayi chiyambire chaka chatha. Sindikudziwa kuti magaziwo amapita kuti."

Mpenti anapita pakona, n'kutenga mpukutu wa mapepala akale a zikwangwani, aja obooledwa timabowo, odetsedwa ndi choko. Anauyala chotembenuza patebulo. Anachotsa pensulo yaifupi imene inali kuseri kwa khutu lake n'kuiika pamwamba. Kenako anatenga kope lija, n'kulitseka, n'kulikhalira.

"Mupatseni awerenge kaye, mukhalire pambuyo pake," anatero mayi a Makina ali pakhomo.

Mpenti anamubwezera kope, Makina anawerenga tsamba limodzi, bambo ake n'kulikhaliranso. Makina anagwira pensulo. Analemba mzere umodzi, wachiwiri, theka la wachitatu, n'kuima. M'mutu munali mbee. Anagwetsa nkhope patebulo n'kulira.

"Zaka ziwiri, Amayi. Mizere iwiri ndi theka."

Mayi ake anabwera n'kusuzumira papepalapo. "Dzulo inali ingati?"

"Dzulo sindinayese."

"Ndiye dzulo panalibe, lero pali iwiri ndi theka. Ine ndikaona mulu wa zovala sindiwerenga zotsala, ndimawerenga zimene ndapachika. Dzukani, Bambo a Makina, mwana aone zimene waphonya."

Anaona, anatseka, anayesanso. Ulendo wachiwiri inakwana mizere isanu ndi umodzi, ndipo umodzi mwa iyo unali wolakwika. Anaudula ndi mzere wokhota, n'kulemba zoona pamwamba pake. Mpenti anatembenuzira nkhope kukhoma. Kuona mwana wake akudula mawu popanda rula kunamupweteka ngati dzino, koma anapirira.

Kuyambira tsiku limenelo nyumbayo inasintha. Pobwera kusukulu Makina ankawerenga tsamba, n'kupereka buku kwa bambo ake, n'kupalasa pamapepala akale. Akatopa ndi pensulo ankapita kukhonde lakuseri kukaphunzitsa mayi ake. Mayiwo sanapite patali ndi sukulu, ndipo n'chimene chinawachititsa kukhala wophunzira woopsa, chifukwa sankavomera mawu aakulu.

"Usandiuze za m'buku. Ine ndikufunsa kuti ndikakwera masitepe a kwa dokotala wa mano uja ndi mtolo wa zovala, mtima umagundiranji chonchi?"

Makina ankayamba kufotokoza, n'kukodwa, n'kuthamangira m'nyumba kukasuzumira, n'kubwerera.

"Wapita kukafunsa kope? Odwala ako udzawasiyanso pabedi kuti ukafunse kope?"

"Amayi inu, ndikuphunzira kumene."

"Phunzira, ine malaya alipo ambiri."

Sikuti zinkayenda tsiku lililonse. Panali sabata imene impso zinakana kulowa m'mutu, Makina n'kutulutsa bokosi la zolembera kuti angozijambula bwinobwino mtima ukhale m'malo. Amene anamuletsa anali Mpenti mwini wake. Anatenga bokosilo n'kuliika pamwamba pa kabati, kuseri kwa zitini. "Ndinagula ndine, ndalanda ndine. Udzazipeza ukatha mayeso." Tsiku lotsatira Makina anapita kwa Mayi Tsekani nthawi yopuma, atanyamula pepala lodetsedwa ndi choko, n'kuloza pamene ankakodwa. Aka kanali koyamba m'zaka ziwiri kuti afunse funso, poti kale sankadziwa n'komwe chimene sakudziwa.

Mayi Tsekani anatembenuza pepalalo. Kuseri kwake kunali zilembo zazikulu zakuti TIMAKONZA MAFONI. Anayang'ananso mbali ya zopalasa ija, yodzaza mivi yokhota ndi mawu odulidwa.

"Izi ndiye zonyansa," anatero akumwetulira. "Khala pansi, tiyambe."

Mpenti naye anapeza ntchito yatsopano. Popeza buku linkakhala m'manja mwake, anayamba kufunsa mafunso, ndipo kuti adziwe ngati yankho lili loona ankayenera kuwerenga. Munthu amene anakhala zaka makumi atatu akuyeza zilembo anayamba kumva zimene zikunena. Zinamukomera mopitirira muyeso. Wometa tsitsi atabwera kudzafunsa za chikwangwani chatsopano, anachoka atauzidwa ntchito ya chiwindi. Kayamikiridwe kake kanasinthanso. Kale ankanyamula tsamba n'kunena kuti, "Taonani kuwongoka." Tsopano ankatseka buku n'kunena kuti, "Sabata yatha funso ili linakugwetsa, lero walidumpha." Makina anaona kuti mawu achiwiriwa ankamupatsa mphamvu yodzukira m'mawa kuposa oyamba aja.

Mpukutu wa mapepala akale unatha, anayamba kupempha makatoni kwa kalaliki wa sitolo ya magalasi, amene tsopano anali mnzawo wa banja. Mayiyo ankati chichitikire za galasi zija abwana ake afewa, akafuna kukalipa amayamba ayang'ana kaye pawindo.

M'mawa wa mayeso a sayansi Makina anadzuka ali ndi mantha. Anaima pakhomo atagwira zolembera ziwiri zabuluu, wamba.

"Bambo, nanga ndikakaiwala zonse?"

"Magazi akachoka m'mapapo amapita kuti?"

"M'chipinda chapamwamba chakumanzere, kenako chapansi chakumanzere, kenako thupi lonse."

"Unalemba ndi mtundu wanji?"

Makina anaganiza, n'kuseka. "Sindikukumbuka."

"Pita, wakonzeka."

Kudikira zotsatira kunali kwautali. Makina ankathandiza patebulo lalitali, ndipo tsopano kapepala kalikonse kobwera ndi kasitomala ankakawerenga mokweza kawiri asanagwire rula. Fungo la penti linkamupwetekabe mutu. Masiku ena ankayang'ana zitini zija n'kumadzifunsa ngati pamenepa ndi pamene adzakalambire, ndipo mtima unkamulemera. Zotsatira zitatuluka anapeza kuti wakhoza, sayansi ya zamoyo n'kukhala phunziro limene anakhoza bwino kuposa onse. Koma malo a unamwino anali ochepa, ofuna ambiri, motero anadikiranso.

Kalata ya ku sukulu ya unamwino inafika Lachisanu lina masana. Makina anaigwira, n'kuipereka kwa bambo ake. "Tsegulani ndinu, ine sindingathe."

Mpenti anapukuta manja pa ovololo, n'kung'amba envulopu ndi lezala lomwe lija. Mayi a Makina anaimika simbi n'kubwera pakhomo. Iye anawerenga chamumtima, kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkhope yosasonyeza kanthu. Atamaliza anabwereza. Kenako anaipinda kalatayo, n'kuiika pampando, n'kuikhalira.

"Bambo a Makina, mwatani kodi?"

"Ndatseka buku," anatero. Anayang'ana mwana wake, n'kuyamba kunena pang'onopang'ono. "Akuti ndi okondwa kukudziwitsa kuti wasankhidwa kukaphunzira unamwino. Akuti ukafike tsiku loyamba la mwezi wamawa, nthawi ya eyiti koloko m'mawa. Akuti utenge nsapato zoyera zosagogoda, ndi wotchi ya muvi wa masekondi." Kenako anawonjezera kuti, "Zilembo zake n'zoipa, mzere wachiwiri ndi wopendekeka. Koma zimene akunenazo ndazimva zonse."

Makina anagwada n'kukumbatira mawondo a bambo ake, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Mayi ake anapukuta maso ndi malaya a kasitomala, n'kuzindikira mochedwa kuti afunika kuwasitanso.

Tsiku lonyamuka, Makina anasiya makope asanu ndi awiri aja pa shelefu. Awiri mwa iwo mayi ake anawatenga n'kuchirikizira mwendo wa tebulo lositira umene unkagwedera, ndipo amati sanaonepo makope othandiza chotere. Mpenti anasankha pepala loyamba lija, la mizere iwiri ndi theka, lokhala ndi banga la misozi, n'kuliika m'felemu pakhoma la chipinda chake, pamwamba pa zitsanzo zonse za ntchito yake. Makasitomala akaliona amafunsa mokayikira ngati limenelonso ndi dzanja lake. Iye amayankha kuti ayi, ndi la namwino, kenako amawakhazika pansi n'kuwawerengetsa kapepala kawo mokweza asanalandire ntchito.

Ambirife tili ndi makope otere. Timakonda ntchito yooneka, yoti tikaitsegula anthu atiyamikire, ndipo timaopa kutseka buku kuti tione chimene chatsala. Mpenti ndi mwana wake anachita mwayi kuti galasi linawaulula kutatsala miyezi itatu, pamaso pa msewu wonse, nthawi yokonza ikadalipo. Akanapanda kutero, akanakhalabe akusilira mitu yofiira ndi mizere yowongoka mpaka tsiku la mayeso, n'kudzazindikira mochedwa zimene akuluakulu ananena, kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.